Kuunika milingo ya turbulence kuseri kwa grid: chifukwa chake λ ndi η ziyenera kuyezedwanso

Ntchito imene ndinapatsidwa

Gulu lina la ofufuza linanditumizira zotsatira za ntchito yawo ya mu wind tunnel, ngalande yotsekedwa imene amathamangitsiramo mphepo poyesa zinthu, kuti ndiziunike asanazilowetse m'pepala limene akulemba. Anaika grid ya tindodo tachitsulo topingasana kumayambiriro kwa chigawo choyezeramo. Mpweya ukadutsa m'mabowo a grid umatuluka uli wovundukavunduka, chimene timatcha turbulence, ndipo iwo anayeza liwiro lake ndi hot-wire, kawaya kopyapyala kotenthetsedwa ndi magetsi, pa malo angapo motsatira kumene mphepo ikulowera. Pa malo alionse analemba manambala atatu: mlingo wa integral L, umene umaimira kukula kwa akamvulumvulu akuluakulu onyamula mphamvu, mlingo wa Taylor λ, ndi mlingo wa Kolmogorov η, umene umaimira tinthu tating'ono kwambiri pamene viscosity, kukhulana kwa mpweya mkati mwake, imatha kudya mphamvu yonse. Akufuna kuyerekeza manambalawa ndi zimene pulogalamu yawo ya pa kompyuta yawerengera.

Chigamulo changa ndi ichi. L akhoza kukonzedwa ndi deta imene ali nayo kale. Koma λ ndi η za pafupi ndi grid sizingakonzedwe ndi masamu okha, pafunika kubwerera ku tunnel. Chimene chawasokoneza si chipangizo chowonongeka ayi. Vuto ndi loti palibe chipangizo chimene chimawerenga utali wa turbulence mwachindunji. Hot-wire imamva kuzizira basi. Kuchoka pa kuzizirako kukafika pa mamilimita pali masitepe angapo, sitepe iliyonse ili ndi chimene timangovomereza kuti ndi choona, ndipo lipoti lawo silinafunse ngakhale chimodzi mwa izo.

Zida ndi muyezo wotsamirapo

Kawaya kawo ndi kodziwika kwa aliyense wa ntchito ino: tungsten, kokhuthala ma micron 5, kotalika mamilimita 1.25, kolumikizidwa pakati pa timinga tiwiri tachitsulo, kopingasa njira ya mphepo. Magetsi amakatenthetsa, mphepo imakaziziritsa, ndipo anemometer, chipangizo choyendetsa kawayako, imawonjezera kapena kuchepetsa magetsi kuti kutentha kwake kusasinthe. Voltage E imasandutsidwa liwiro U potsata lamulo limene L. V. King anafalitsa mu 1914, E² = A + B·Uⁿ, pamene n nthawi zambiri amakhala pakati pa 0.45 ndi 0.5. Calibration yawo, kupeza A, B ndi n poyerekeza ndi Pitot tube, kachubu koyezera liwiro la mphepo, ndinaiona, ilibe vuto.

Chinandipeputsira ntchito n'chakuti anatengera makonzedwe a Geneviève Comte-Bellot ndi Stanley Corrsin, amene anayeza turbulence ya grid ku Johns Hopkins University, mumzinda wa Baltimore, n'kufalitsa mu Journal of Fluid Mechanics mu 1966 ndi 1971. Deta ya 1971 ija mpaka lero ndi imene olemba mapulogalamu a large-eddy simulation, oyerekeza turbulence pa kompyuta, amayesera ntchito yawo. Grid yake inali ya mabowo otalikirana masentimita 5.08, tindodo titatseka gawo 0.34 la njira, mphepo ikufika pa grid ndi liwiro la mamita 10 pa sekondi. Patsogolo pang'ono njira inapanikizidwa ndi 1.27, kotero m'chigawo choyezera liwiro linali pafupifupi mamita 12.7 pa sekondi. Malo awo atatu amatchulidwa ndi nthawi imene mpweya wayenda chichokereni pa grid, tU₀/M, pamene U₀ ndi liwiro la pa grid ndipo M ndi kutalikirana kwa mabowo: 42, 98 ndi 171.

Pa 42, kusinthasintha kwa liwiro u′ kunali masentimita 22.2 pa sekondi, ε, liwiro limene mphamvu ya turbulence ikudyedwera, inali 4740 cm²/s³, λ masentimita 0.484, η masentimita 0.029, Rλ, nambala ya Reynolds yoonetsa ukali wa turbulence, pafupifupi 72, ndipo L wotsata mphepo anali pafupifupi masentimita 2.4. Pa 98, u′ anatsika kufika 12.8, ε 633, λ 0.764, η 0.048. Pa 171, u′ 8.95, ε 174, λ 1.02, η 0.066, Rλ pafupifupi 61. Amene ali ndi calculator ayese: ν, nambala ya viscosity ya mpweya, ikakhala 0.15 cm²/s, λ² = 15νu′²/ε ndi η = (ν³/ε)^¼ zimabweza manambala omwewa. Popeza tunnel ya gululi si mapasa ndi ya ku Baltimore, sindinayembekeze kuti manambala afanane ndendende. Ndinawagwiritsa ntchito kudziwa kukula kwa zinthu zimene kawaya kayenera kuona. M'munsimu, paliponse pamene ndaika nambala ya turbulence, yachokera kwa Comte-Bellot ndi Corrsin kapena ndaiwerengera kuchokera pa yawo.

Kusandutsa nthawi kukhala mtunda

Kawaya kamodzi kamakhala malo amodzi, ndiye chimene kamapereka ndi liwiro likusintha ndi nthawi. Kuti tipeze utali timatsamira ganizo la G. I. Taylor la mu 1938, loti ngati mphepo ikuthamanga kwambiri kuposa kusinthasintha kwake, akamvulumvulu amadutsa pa kawaya asanasinthe maonekedwe. Zili ngati munthu woima m'mbali mwa msewu amene akudziwa liwiro la lole: akawerenga masekondi kuyambira pamene mutu wadutsa mpaka thileya yatha, wadziwa kutalika kwake. Mtunda ndi U kuchulukitsa ndi nthawi.

Apa gululi lilibe mlandu. Pa malo oyamba u′/U ndi 22.2 kugawa ndi 1270, pafupifupi 1.7%, ndipo pa malo omaliza ndi 0.7%. Ganizo la Taylor limagwira bwino kwambiri pa mlingo wotere, choncho sitepe imeneyi ndinaivomereza momwe ilili.

Mlingo waukulu, L

L amachokera ku autocorrelation: timafunsa kuti liwiro la tsopano likufanana bwanji ndi la kamphindi τ kapitako. Pa τ = 0 kufananako ndi 1, kenako kumatsika. Malo a pansi pa mzere umenewu ndi nthawi ya integral, ndipo tikaichulukitsa ndi U tapeza L. M'mabuku integral yake imapita mpaka kosatha. Pa deta yeniyeni zimenezo sizitheka, ndipo pali msampha wa masamu umene ambiri saudziwa: ukachotsa avereji pa deta ya utali wodziwika, n'kuphatikiza autocorrelation yake yonse mpaka kumapeto, yankho limakhala ziro. High-pass filter, sefa yochotsa kusintha kwapang'onopang'ono, nayo imachita chimodzimodzi, chifukwa imafafaniza mphamvu ya pa frequency ya ziro, pamene L ndi mphamvu imeneyo. Ndiye aliyense amayenera kusankha poimira. Ena amaima pamene mzere wadutsa ziro koyamba. Ena amatenga τ pamene kufanana kwatsika kufika 1/e, chimene chimakhala cholondola pokhapokha mzerewo ukutsika ngati exponential. Ena amapita ku spectrum, galafu E yoonetsa mphamvu ya pa frequency iliyonse, n'kuona pamene yagona chathyathyathya ku ma frequency otsika, n'kuwerengera L = U·E(0)/4u′². Njira zitatuzi sizipereka nambala imodzi, ndipo lipoti limene silinena njira imene latsata silinapereke L.

Gululi linaima podutsa ziro koyamba, zimene pazokha si zolakwika. Koma pa malo akutali ndi grid mzere wawo sunkafuna kufika pa ziro. Unkatsika msanga monga mwa nthawi zonse, kenako n'kugona pamwamba pang'ono pa ziro kwa nthawi yaitali, ndipo kamchira kameneka, ngakhale n'kopyapyala, kanakoka L mpaka kupitirira kukula kwa bowo la grid kangapo. Turbulence ya grid wamba siichita zotere pa mtunda umenewu. Kwa Comte-Bellot ndi Corrsin L anayambira pafupifupi theka la bowo n'kumakula pang'onopang'ono, osati kudumpha.

Nditajambula deta yaiwisi pa galafu, osaisefa, chinaoneka ndi maso: avereji ya voltage inkatsetsereka pang'onopang'ono kuyambira kumayambiriro kwa rekodi mpaka kumapeto. Tunnel yawo ndi yozungulira, mpweya womwewo umabwereranso, ndipo fani imautenthetsa. Mpweya ukatentha, kawaya sikazizira monga kale, anemometer imachepetsa magetsi, pulogalamu n'kumasulira kuti mphepo yachepa. Anthu a hot-wire amadziwa kuti digiri imodzi ya Celsius yosakonzedwa imasokoneza liwiro ndi pafupifupi 2%. Tsono yerekezani ndi u′/U ya 0.7%: kutentha kukasintha ndi kachigawo chabe ka digiri mkati mwa rekodi, kwalowa m'deta ngati kamvulumvulu wamkulu amene kulibe. Mwamwayi anali ndi thermocouple yoyeza kutentha pafupi ndi kawaya ndipo analemba manambala ake, kungoti sanawagwiritse ntchito. Voltage ikakonzedwa ndi kutentha isanasandutsidwe liwiro, kamchira kaja kayenera kugwa. Chotsala chichotsedwe ndi high-pass filter ya pa kompyuta, yoikidwa pansi kwambiri kuti isakhudze turbulence yeniyeni. Poiika pasankhidwe poyang'ana spectrum: pamakhala chigwa pakati pa kutsetsereka kwa tunnel ndi chigawo chogona chija, ndipo L asasinthe kwenikweni filter ikasunthidwa uku ndi uku mkati mwa chigwacho. Akasintha, ndiye kuti chigwa palibe, ndipo zimenezo zilembedwe.

Kutalika kwa rekodi sikunali vuto. Pa malo oyamba nthawi ya integral ndi 2.4 kugawa ndi 1270, pafupifupi ma millisecond 1.9. Zitsanzo zimakhala zosadalirana zikatalikirana kawiri nthawi imeneyi, ndiye m'mphindi imodzi muli zitsanzo zodziimira pafupifupi 16,000, zimene zimapereka u′² wolondola mpaka pafupifupi 1%. Kuwonjezera liwiro la kujambula sikuwonjezera nambala imeneyi mpang'ono pomwe. Chimene chimaiwonjezera ndi nthawi.

ε, pamene pagona nkhani

λ ndi η zonse ziwiri ndi ana a ε, liwiro limene mphamvu ya turbulence ikusandukira kutentha. Kolmogorov mu 1941 anapanga η kuchokera ku ν ndi ε zokha. λ, amene Taylor anamubweretsa mu 1935, si kukula kwa kamvulumvulu aliyense. Ndi u′ kugawa ndi kukula kwa gradient ya liwiro, kusintha kwa liwiro pa mtunda, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kupereka Rλ kuti ma tunnel osiyana ayerekezeke. Choncho funso loti "η ndi wolondola?" ndi funso loti "ε ndi yolondola?"

Gululi linapeza ε mwa njira yofala: kutenga gradient ∂u/∂x kuchokera ku rekodi, n'kuwerengera ε = 15ν⟨(∂u/∂x)²⟩, imene imatengera kuti tinthu tating'onoto n'tofanana mbali zonse. Njirayi imafuna kuti chipangizo chione bwino tinthu tating'ono kwambiri, chifukwa kumeneko n'kumene gradient imakhala. Mphamvu yambiri imadyedwa pa utali wa pakati pa η khumi ndi η makumi angapo, ndipo mchira wake umafika pafupi ndi η weniweni.

Tiyike kawaya pambali pa η. Pa malo oyamba η ndi mamilimita 0.29, kawaya ndi 1.25, ndiye kawaya n'kotalika kuposa η ka 4.3. Kawaya kamapereka nambala imodzi ya kuzizira kwa utali wake wonse. Ngati kumbali ina mpweya wathamanga pang'ono pamene kumbali inayo wachedwa, ziwirizi zimafafanizana, ndipo chimene chimafafanizika kwambiri ndi tinthu tating'ono tomwe tikufunato. John Wyngaard anawerengera kutayika kumeneku mu 1968, ndipo ma galafu ake amagwirabe ntchito pokonza spectrum. Pa malo omaliza η ndi mamilimita 0.66, chiwerengero chija chatsika kufika 1.9, ndipo kutayika n'kochepa.

Chachiwiri chinali choposa pamenepa. Anajambula zitsanzo 10,000 pa sekondi, low-pass filter, sefa yodula ma frequency apamwamba, ili pa 5 kHz. Frequency ya Kolmogorov, U/2πη, pa malo oyamba ndi pafupifupi 7 kHz, ndiye filter inadula msanga. Komanso pa mamita 12.7 pa sekondi, chitsanzo china ndi chinzake zimatalikirana mamilimita 1.27, amene ndi η 4.4. Pulogalamu yawo imapeza gradient ndi central difference, kuchotsa chitsanzo cha kumbuyo pa cha kutsogolo, ndiye imadumpha mamilimita 2.54, pafupifupi η 9. Kusiyanitsa kotere kumachepetsa funde lililonse ndi sin(kΔ)/kΔ, pamene k ndi 2π kugawa ndi utali wa funde ndipo Δ ndi mpata wa pakati pa zitsanzo. Pa kη = 0.2, pamene mphamvu ikudyedwa kwambiri, kΔ ndi pafupifupi 0.88, ndipo gradient yochulukitsidwa ndi iyo yomwe imataya pafupifupi 23%. Ku ma k apamwamba imataya zoposa. Kutayika kumeneku kukuwonjezera pa kwa kawaya ndi kwa filter, zonse zitatu zikukokera ε pansi.

Chimene chinawabisira zonsezi ndi mphamvu ya ¼ ija ya mu η = (ν³/ε)^¼. Tiyerekeze kuti ε yachepa ndi 40%. η amakwera ndi 14% yokha, kuchoka pa 0.29 kufika pa 0.33, nambala imene aliyense angaione n'kunena kuti ili bwino. Koma λ amakwera ndi 29%, ndipo Rλ amachoka pa 72 kufika pa 92 kapena 93. Choipitsitsa n'chakuti iwo anatenga η wokwezedwayo n'kugawa naye utali wa kawaya pofuna kutsimikiza kuti kawaya n'kokwanira. Kawaya kakatalika, ε imachepa, η amakula, l/η, utali wa kawaya kugawa ndi η, n'kuoneka wocheperapo kuposa mmene alili. Cheke chotere chimakhululukira cholakwa chimene chikuyenera kuchigwira. M'tebulo mwawo η ankaoneka wosadetsa nkhawa, koma Rλ wa pafupi ndi grid anali wokwera mosayenera, n'kugwa msanga pa malo otsatira. Turbulence ya grid siitsika motero: kuchoka pa 72 kufika pa 61 kunatenga mtunda wonse wa pakati pa 42 ndi 171.

Njira yachiwiri yopezera ε

Ubwino wa grid ndi wakuti ε ikhoza kupezeka popanda kuona tinthu tating'ono n'komwe. Kuseri kwa grid, mpweya ukakhazikika, palibenso chimene chikupanga turbulence yatsopano. Mphamvu imangochepa, ndipo kuchepako ndiye ε: ε = −(3/2)·U·du′²/dx. u′² amakhala mwa akamvulumvulu akuluakulu, amene kawaya ka mamilimita 1.25 kamawaona bwinobwino. Manambala a 1971 amagwirizana ndi njira imeneyi. Mzere wa kuchepa wa grid ija ndi U₀²/u′² = 21·(tU₀/M − 3.5)^1.25. Pa 42 umapereka u′ wa pafupifupi 22.3, ndipo kutsetsereka kwake kumapereka ε ya pafupifupi 4,760, pafupi kwambiri ndi 4740 ya m'tebulo.

Ndinachita chimodzimodzi ndi u′² wa gululi, nditakonza za kutentha. Zotsatira zinatsata zimene masamu a pamwambapa akunena: pafupi ndi grid ε ya gradient inali pansi ndithu pa ε ya kuchepa kwa mphamvu, ndipo mpata unkatsekeka pamene η akukula. Kachitidwe kameneka ndi kamene kanandikhutiritsa kuposa nambala ina iliyonse. Calibration ikanakhala yolakwika, kapena ν, mpatawo ukanakhala wofanana paliponse. Mpata umene ukutsata l/η ndi Δ/η ukuloza chipangizo.

Njira ya kuchepa nayo ili ndi zofooka zake, ndipo sindikufuna kuti gululi liiyese woweruza wosalakwa. Chiwerengero cha 3/2 chimatengera kuti zosinthasintha za liwiro za mbali zitatu, u′, v′ ndi w′ n'zofanana. Kuseri kwa grid wamba u′ amaposa v′, ndipo n'chifukwa chake Comte-Bellot ndi Corrsin anapanikiza njira ndi 1.27 ija, nkhani yonse ya pepala lawo la 1966. Kawaya kamodzi sikaona v′. Ngati u′ aposa v′ ndi 15%, kuchulukitsa u′² katatu kumakweza mphamvu yonse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pafunika X-wire, tiwaya tiwiri topingasana, pa malo angapo kuti tidziwe. Chinanso, mphamvu n ya mzere wa kuchepa (1.25 ija) ndi poyambira pake x₀ zimasinthana: ukasuntha x₀, n amasuntha, mzere n'kumaonekabe wokwana. Mohsen Mohamed ndi John LaRue analemba za vuto limeneli mu 1990. Pa ε ya malo amodzi sizipweteka kwambiri, chifukwa chofunika ndi kutsetsereka kwa pomwepo, koma pamafunika malo oyezera ochuluka komanso oyandikana, makamaka kumapeto onse awiri. Phindu la njira ziwirizi ndi loti zimalakwa mosiyana. Zikakumana, pali chifukwa chokhulupirira zonse.

Wina m'gululi anafunsa ngati sangangotenga ε kuchokera ku chigawo cha −5/3 cha spectrum, pamene E imatsika ngati k^(−5/3), pogwiritsa ntchito nambala ya Kolmogorov ya pafupifupi 0.5. Pa Rλ ya 70 ndinakana. L/η ndi pafupifupi 80 basi, malo oti chigawo chimenecho chikhazikike palibe. Mzere wa −5/3 unaoneka bwino koyamba mu 1962 m'madzi a m'nyanja ku Discovery Passage, British Columbia, m'ntchito ya Grant, Stewart ndi Moilliet, ndipo Saddoughi ndi Veeravalli mu 1994 anafunika tunnel ya NASA Ames ya mafiti 80 ndi 120 kuti afike Rλ ya pamwamba pa 1000. Mydlarski ndi Warhaft mu 1996, ndi active grid, grid ya tindodo tozungulira, ya mtundu umene Makita anayambitsa, anaonetsa kuti pa Rλ yotsika kutsetsereka kwa spectrum kumakhala kochepera 5/3 ndipo kumayandikira pang'onopang'ono. Pa galafu ya log munthu akhoza kugoneka rula paliponse n'kuona chimene mtima wake ukufuna.

Phokoso la kumapeto

Pa malo omaliza zinthu zinatembenuka: ε ya gradient inaposa pang'ono ya kuchepa. Apa η ndi wamkulu, frequency ya Kolmogorov yatsika kufika pafupifupi 3 kHz, koma filter inali pa 5 kHz pomwe paja. Pakati pa 3 ndi 5 kHz palibe turbulence yoti n'kuiyeza, muli phokoso la magetsi lokha, ndipo phokoso la anemometer yotere limakwera ndi frequency. Gradient imachulukitsa spectrum ndi k², ndiye kaphokoso kamene sikaoneka mu u′ kamasanduka phiri. Pa galafu ya k²E, mzere uyenera kukwera, kufika pa nsonga, n'kutsikira ku ziro. Wawo unatsika kenako n'kudzukanso kumapeto.

Gwero lina la phokosoli ndi mmene voltage inalowera m'kompyuta. Khadi lawo ndi la ma bit 12, loikidwa kuyambira −10 mpaka +10 V, ndiye sitepe imodzi ndi 20 kugawa ndi 4096, pafupifupi 4.9 mV. Kawaya kotere pa liwiro limeneli kamasintha ndi ma millivolt makumi ochepa pa mita imodzi pa sekondi. u′ wa masentimita 9 pa sekondi ndi ma millivolt ochepa chabe. Anaikapo gain, chokweza voltage, koma yochepa, chifukwa sanachotse kaye avereji ya voltage ndipo ankaopa kupitirira malire a khadi. Ndikakulitsa rekodi pa sikirini, mzere umaoneka ngati masitepe, nambala imodzi ikubwerezedwa kangapo kenako n'kudumpha. Choyenera n'kuchotsa avereji ndi offset, kenako kukweza chotsalacho mpaka chidzaze gawo lalikulu la khadi. Pa malo omalizawa deta ikhoza kupulumuka: filter ya pa kompyuta iikidwe pa U/2πη, ε iwerengedwe, η watsopano apereke frequency yatsopano, n'kubwereza mpaka manambala ataima.

Tizinthu tiwiri ta m'tebulo

M'mutu wa tebulo munangolembedwa "λ". Alipo awiri. Amene amalowa mu ε = 15νu′²/λ² ndi mu Rλ ndi wopingasa, ngakhale amawerengedwa kuchokera ku ∂u/∂x. Wotsata mphepo ndi wamkulu kuposa iyeyo ka √2, kusiyana kwa 41%. L nayenso: wotsata mphepo ndi kawiri wopingasa ngati turbulence ili yofanana mbali zonse. Pulogalamu ya pa kompyuta imene akufuna kuyerekeza nayo iyenera kufunsidwa kuti ikutulutsa uti.

ν anaitenga m'buku, 1.5 × 10⁻⁵ m²/s, imene ndi ya mpweya wa madigiri 20 m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Baltimore. ν imakwera mpweya ukapepuka. Labu ya pamalo okwera ngati Johannesburg, mamita oposa 1,700, imakhala ndi ν yoposa imeneyi ndi pafupifupi 20%, zimene zimasuntha η ndi pafupifupi 15% pa ε yomweyo, ndipo ε ya gradient imasuntha molingana ndi ν yeniyeniyo. Barometer ndi thermometer ziwerengedwe tsiku loyeza, ν iwerengedwe kuchokera pamenepo.

Zimene ndapempha

L awerengedwenso kuchokera ku deta yokonzedwa, mwa njira ziwiri, ya kudutsa ziro ndi ya spectrum, manambala onse alembedwe pamodzi ndi frequency ya high-pass filter.

Malo a pafupi ndi grid ayezedwenso ndi kawaya kafupi. Kufupikitsa kuli ndi malire ake, chifukwa utali ukachepera pafupifupi ka 200 kukhuthala kwake, kutentha kumathawira mu timinga tija ndipo kawaya kamayankha molakwika, monga Ligrani ndi Bradshaw anaonetsera mu 1987. Kawaya ka platinum ka Wollaston kokhuthala ma micron 2.5, kotalika mamilimita 0.5, kamakwanitsa 200 ndendende ndipo kamapereka l/η ya 1.7 pa malo oyamba. N'kosachedwa kuduka, fumbi limakasintha calibration, ndiye calibration ichitike poyamba ndi pomaliza pa tsiku lililonse. Tiwaya tating'onoting'ono ta NSTAP ta ku Princeton University, totalika ma micron 30 kapena 60, n'ta ntchito za Reynolds yokwera kwambiri, pano sitikufunika. Square-wave test ichitike pa liwiro loyezera kuti tione kuti anemometer ikuyankha mopitirira 7 kHz ndi mpata wokwanira. Kujambula kukhale pa 40 kHz kapena kuposa, kuti Δ itsike kufika pafupifupi η mmodzi, ndipo ε iwerengedwe pophatikiza k²E ya spectrum yokonzedwa ndi njira ya Wyngaard, osati ndi central difference. l/η imene adzalembe ikhale yogawidwa ndi η wochokera ku kuchepa kwa mphamvu.

Gawo lachiwiri la ntchito yawo ndi jet yozungulira, mphepo yotuluka mwamphamvu pa bowo lozungulira, ndipo ndawachenjeza kuti zimene zawapulumutsa pa grid kumeneko kulibe. Pakati pa jet u′/U amafika 25% kapena kuposa, ndipo ganizo la Taylor limayamba kukweza gradient. Mwa kuwerengera kwa John Lumley kwa mu 1965, ε yoyezedwa iyenera kugawidwa ndi 1 + 5(u′/U)², chimene pa 25% ndi 1.31. M'mbali mwa jet, pamene mpweya nthawi zina umabwerera m'mbuyo, kawaya sikasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye pamenepo pafunika laser Doppler kapena PIV, njira zoyezera liwiro ndi kuwala kwa laser, ndipo pa PIV kukula kwa windo lowerengera kumalowa m'malo mwa utali wa kawaya m'masamu onse a pamwambawa. Mu jet mphamvu imapangidwa komanso imasamutsidwa, choncho ε ya kuchepa singagwire. Njira yachiwiri idzachokere ku budget yonse ya mphamvu, kapena ku lamulo la 4/5 la Kolmogorov ngati Rλ yakwera mokwanira kuti structure function yachitatu igone, ndipo asankhe imodzi mwa izi asanagule zida.